Galu Wapakati pa Apongozi ndi Mkamwini

Amayi anga ndi amuna anga anakhala pabwalo limodzi kupitirira chaka osayang'anana m'maso. Sikuti anayambana ayi. Kwathu kuno, chakufupi ndi Kasinje, apongozi ndi mkamwini amaopana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Pakakhala mawu oti anenedwe, amadzera mwa mkazi, ndipo mkaziyo ndinali ine. Mabanja ambiri masiku ano mwambo umenewu anaupeputsa, koma amayi anga anaugwira ndi manja awiri ngati pali wina adzawafunsa tsiku lomaliza.

Amuna angawo ndi a ku Blantyre, obadwira m'tauni, okulira m'galaja. Ndinakumana nawo ku Manjawira, komwe ndinkathandiza kugulitsa mushopu ya mayi wina wachisilamu, iwo akukonza njinga zamoto pansi pa mtengo wa mango chapafupi. Ndi munthu woyankhula ngati akuthamangitsidwa. Mawu aliwonse ankawanena kawiri: "bho bho," "shapu shapu," "chabwino chabwino." Aliyense kwa iwo anali "aise," kaya ndi kasitomala, kaya ndi mbuzi yomwe yawadyera sopo. Sindibisa, n'zimene zinandikopa. Ndinakulira m'nyumba yomwe mawu ankatuluka limodzilimodzi, ndiye kumva munthu akuwakhuthula chotero, mtima unangoti myaa.

Titakwatirana anavomera kudzakhala kwathu. Bambo anga anali atamwalira, mkulu wanga anakwatiwa ku Nsipe, ndipo mawondo a amayi anali atayamba kukana. Munda wa chimanga ndi dimba zinkafuna munthu wamphamvu. Tinamanga kanyumba kathu moyang'anizana ndi nyumba ya amayi. Pakati panali bwalo, mtondo, ndi galu wofiira amene ankagona pa thumba lakale la feteleza. Galuyo analibe dzina. Amayi ankati dzina ndi la munthu.

Tsono kayankhulidwe ka amayi anga n'kofunika ndikafotokoze, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Amayi akayamba kuyankhula, mutha kupita kumjigo n'kubwerako iwo asanafike pakati. Amayamba ndi kukoka mpweya m'mphuno, kenako amati, "Ayi-tu," n'kukhala chete maso ali kutali. Mlendo amaganiza kuti amaliza, koma ife tinazolowera kudikira. Mawu oti "inde" sindinawamvepo pakamwa pawo. Akakana chinthu amati, "Kaya." Akavomera ndi mtima wonse amati, "Ayi, ndi momwemo." Akatero ndiye kuti nkhani yatha, mutha kukadalira.

Ndiye taganizani ntchito yanga. Uku munthu wothamanga, uku munthu wokwawa, ine pakati ndi mimba ya mwana woyamba.

"Kawauze alendowo kuti khasu saligwira ngati sipanala," amayi ankatero, amuna anga ali chapomwepo akumva bwinobwino.

Ine ndinkatembenuka n'kunena kuti, "Akuti muzigwira mpini chakumapeto kuti msana usamapweteke."

"Auze masteni kuti palibe vuto, palibe vuto," iwo ankayankha. Masteni ndi momwe anyamata a m'tauni amatchulira mayi.

Ine ndinkatembenukanso: "Akuti amva, athokoza."

Ndinkachapa mawu a uyu ndisanawapereke kwa uyu, tsiku ndi tsiku, mpaka nthawi zina ndinkalusa n'kuwauza kuti makutu onse ali nawo, andisiye ndipume. Koma panali liwu limodzi lomwe sindikanatha kulichapa, chifukwa linkafika lokha ndisanatsegule pakamwa. Liwu lake ndi loti "alendowo." Amuna anga anafolera denga la amayi, anakonza chitseko cha khola, analima mizere yokhota mpaka inayamba kuwongoka, koma anali alendo basi.

Iwo sankadandaula pagulu. Koma tsiku lina tikuchokera kudimba anaima panjira n'kundiuza kuti achimwene awo atsegula galaja ku Blantyre ndipo akuwafuna.

"Mwana akangobadwa tikupita," anatero. "Ine kuno ndine mlendo, wamva wekha. Mlendo amabwerera kwawo."

Ananena kamodzi kokha, osabwereza, ndipo ndinadziwa kuti sizocheza. Ndinaopa kwambiri. Kutsatira amuna anga kunali kusiya amayi okha ndi mawondo aja, osatha ngakhale kusenza ndowa. Kutsala ndi amayi kunali kulera mwana bambo wake ali kutali, ndipo ndawaona mabanja otere momwe amathera. Onse awiri ndinkawafuna pabwalo lomwelo, ndipo ndinalibe nzeru yowasungira pamenepo.

Masiku anga atayandikira ndinapita kuchidikiro, kuchipatala cha ku Kasinje, komwe amayi oyembekezera amakadikirira nthawi yawo. Woyenera kundiperekeza anali amayi, koma mawondo sakanalola kugona pansi ndi kukatola nkhuni zophikira. Ndiye anabwera mkulu wanga kuchokera ku Nsipe kudzandidikirira. Kunyumba kunatsala anthu awiri osayankhulana, ndi galu. Ndikukwera njinga ndinawayang'ana onse awiri, wina pakhonde ili, wina pakhonde ilo, ndipo ndinati mumtima, ndikabwera ndidzapeza zikwama zili zomangamanga.

Mwana anachedwa. Anamwino anati tinawerenga molakwika, ndidikirebe. Amuna anga ankabwera pa njinga yamoto kudzatisiyira ufa, nkhuni ndi masamba akudimba. Maulendo oyamba ankangofika, "Muli bho? Shapu shapu," n'kutembenuza njinga. Koma ulendo wina, tili pansi pa mtengo kunja kwa chidikiro, ndinawafunsa kuti kunyumba kuli bwanji.

Anakoka mpweya m'mphuno. Anati, "Ayi-tu," n'kukhala chete, maso ali kumapiri.

Munthu amene sanakhalepo chete chibadwire, lero wakhala chete nditamufunsa za kunyumba! Ndinaganiza kuti amayi agwa, kapena nyumba yapsa, kapena pali maliro ndipo akusowa poyambira. Ndinagwira mkono wa mkulu wanga.

"Kuli bwino," anamaliza motero. "Nkhuku ija yaswa."

Ndinawakalipira mpaka amayi ena anasuzumira pawindo. Ndinati mukufuna ndiberekere pansi pa mtengo pano ndi mantha? Koma mkulu wanga anali atagwira m'mimba ndi kuseka.

"Alamu," anatero akupukuta misozi, "kodi amayi mwawameza?"

"Ndatani ine?"

"Mwayankhulatu ngati iwo. Mpaka mphuno yomwe."

Amuna anga anakana kwamtuwagalu. Anati iwo amayankhula momwe amayankhulira kuyambira kale, ife ndi amene tatopa ndi kukhala. Ponyamuka mkulu wanga anawapempha kuti ulendo wina adzabweretse tomato wambiri. Iwo ali pa njinga anayankha kuti, "Kaya, sanapse," ndipo mkulu wanga anakhala pansi ndi phwete.

Chomwe chinkachitika kunyumba tinachimva kwa azakhali athu, omwe nyumba yawo ili kuseri kwa khola lathu, atabwera kudzandiona. Akuti tsiku loyamba bwalo linali zii. Amayi anaphika, n'kuika mbale pa mtondo, n'kubwerera pakhonde. Amuna anga anadikira kuti amayi alowe m'nyumba, n'kukatenga. Koma m'mawa mwake mbuzi zinalowa m'dimba, amayi akuziona chapatali ali pakhonde, ndipo kuthamanga sangathe. Anayang'ana uku ndi uku, wotuma palibe. Ndiye anayang'ana galu ali gone pa thumba lake.

"Galu iwe," anatero mokweza, "kawauze alendowo kuti mbuzi zatha kabichi."

Amuna anga anatuluka liwiro. Pobwera anaima pakati pa bwalo, osadziwa kuti atani, kenako nawonso anayang'ana galu.

"Aise, kawauze masteni kuti zatuluka, zatuluka. Mpanda ndikonza."

Galu akuti sanatukule n'komwe mutu.

Kuyambira pamenepo galuyo analowa ntchito. Poyamba ankanyamula za mbuzi, za mvula, za mchere wotha. Kenako anayamba kusenza katundu wolemera. Azakhali akuti masana ena anamva amayi akumufotokozera galu momwe malemu bambo ankasankhira chimanga cha mbewu, kuti chisononkho chake chizikhala chotani ndipo azichipachika pati. Tsiku lina anamva amuna anga akumufotokozera galu yemweyo chifukwa chake njinga yamoto imatsokomola ikamwa petulo wothira madzi, amayi n'kumufunsa galu ngati n'chimodzimodzi ndi mwana wa ng'ombe akamwa mothamanga. Amuna anga anauza galu kuti ee, n'chimodzimodzi ndithu. Anthu awiri akuluakulu, wina akusenda mtedza, wina akupukuta mabauti, aliyense maso ali pa galu wogona, kucheza mpaka dzuwa kupendeka.

"Mwambo sanaphwanye," anatero azakhali. "Palibe wayankhula ndi mnzake. Koma galuyo akanakhala munthu bwenzi pano ali mphunzitsi."

Nkhani imeneyi ndinakhala nayo m'mutu masiku otsalawo, chifukwa kuchidikiro nthawi yoganiza ndi yambiri. Ndinayamba kumvetsera anzanga. Panali mtsikana wina wamanyazi amene anafika akuyankhula motsitsa, koma atagona pafupi ndi mayi wina wanthabwala, posakhalitsa nayenso ankamaliza mawu aliwonse ndi "eti anthuni," ngati mnzakeyo. Ineyo ndinakumbukira kuti nthawi imene ndinkagwira ntchito mushopu ku Manjawira, ndinabwera kunyumba ndikuti "inshallah" pa chilichonse, mpaka amayi anandifunsa ngati kutchalitchi ndinatsanzika. Sindinachite kuphunzira. Mayi wa shopu uja ankandikonda, ine ndinkamukonda, ndipo mawu ake anangosamukira pakamwa panga ine osadziwa. Komanso pachidikiro pomwepo panali mayi wina wodzitama, woti chilichonse "kwathu ku Lilongwe," ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatengera kayankhulidwe kake, kupatula pomunyogodola iye atapita kosamba. Kunyogodola munthu umachita dala. Zomwe zinawachitikira amuna anga sizinali zadala, ndipo n'chifukwa chake zinandipatsa chiyembekezo.

Mwana anabadwa wamkazi, wamphamvu, wolira ngati bambo wake. Titafika kunyumba amayi anali pakhonde. Ndinawapatsa mwana, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako galu anabwera kudzanunkhiza nsalu.

"Aise, choka apo," anatero amayi. "Shapu shapu."

Ndinaseka mpaka m'mimba munapweteka, mkulu wanga akundigwira kuti ndisagwe. Amayi anatiyang'ana modabwa. Nditawauza zomwe anena, anakoka mpweya.

"Ine? Kaya. Mawu a m'galaja amenewo ndingawatenge kuti?"

Madzulo omwewo amayi analawa phala lomwe mkulu wanga anandiphikira, n'kugwedeza mutu: "Lili bho bho."

Ine ndinkaganiza kuti ndikabwera ntchito yanga yakale ndiipeza. Ayi ndithu. Amayi ankatha kukhala pafupi ndi ine, phewa ndi phewa, koma akafuna kunena kanthu kwa mkamwini wawo ankadumpha ine n'kuitana galu. Amuna anganso chimodzimodzi. Ndinachotsedwa ntchito ndi galu, ndipo ndikuuzeni zoona, kansanje kanandigwira. Koma ndikamayamwitsa mwana pakhonde n'kumawamvetsera, ndinkasangalala. Amuna anga anali atayamba kudikira. Amayi akati "Ayi-tu" n'kukhala chete, iwo sankalowererapo ngati kale. Amayi nawo anali atafulumirako pang'ono, ndipo nthawi zina ankaseka asanamalize nkhani, chinthu chomwe anachisiya bambo atamwalira. Anakumana penapake pakati, ndipo onse awiri ankalumbira kuti sanasunthe.

Koma liwu lija linalipobe. "Galu iwe, kawauze alendowo." Ndipo m'mawa wina ndinapeza amuna anga atayala masipanala awo onse pa chiguduli, akuwapaka oyilo limodzilimodzi n'kumawaika m'chikwama.

"Kodi simukuona kuti amayi amakukondani?" ndinawafunsa.

"Mlendo amakondedwanso," anatero, osatukula mutu.

Ndinapita kwa amayi. Ndinawauza zonse, za galaja, za achimwene awo, za chikwama. Ndinati liwu limodzi lokha ndi limene likuwathamangitsa, ndipo mwini wake wa liwulo ndi inu. Ndinayankhula mokalipa kuposa momwe mwana ayenera kuyankhulira ndi mayi wake. Amayi anapitiriza kusenda mtedza.

"Kaya," anatero. "Munthu ali ndi kwawo. Ndimumange?"

Apo ndinazindikira kuti nawonso ankaopa. Ankati akamutcha mwana wawo, iye n'kupitabe, manyazi ndi chisoni zidzakhala zawo. Koma kuzindikira sikunandithandize kanthu. Chikwama chinali pakona, ndipo ine ndinkachilambalala posesa ngati muli njoka.

Foni inalira m'mawa wina dzuwa litangokwera, tonse tili pabwalo. Ine ndinkasambitsa mwana m'beseni, amayi ali pakhonde lawo ndi lichero la mtedza, amuna anga akumanga mpini wa khasu. Foni yawo inali yowonongeka sipika ya kukhutu, ndiye aliyense woimba ankamveka bwalo lonse. Anali achimwene awo aja.

"Aise, mwana wabadwa, wabadwa. Ukubwera liti? Malo akukudikira."

Amuna anga anakoka mpweya m'mphuno. "Ayi-tu," anatero, n'kukhala chete.

"Halo? Halo? Netiweki yathawa?"

"Ilipo. Tikuganizabe."

"Iwe, bwanji ukuyankhula ngati nkhalamba ya kumudzi? Akudyetsa chiyani kumeneko? Tamvera, undiuze lero lomwe. Apo ayi ndilemba wina, anthu ofuna ntchito ndi ambirimbiri."

Foni inaduka. Mwana ankangomenya madzi m'beseni. Amuna anga anayang'ana mpini uli m'manja mwawo, kenako anayang'ana chitseko cha nyumba yathu, komwe kunali chikwama. Ine ndinaleka kusambitsa mwana.

Amayi anaika lichero pansi. Anayang'ana pakati pa bwalo, koma galu panalibe. Anali atalawira m'mamawa kutsatira agalu anzake kutsidya, monga ankachitira nthawi zina. Panali thumba lake lokha, lili ndi dzenje pakati pomwe amagona. Amayi anaitana, anaimba mluzu, anaitananso. Galu osabwera. Ine ndinali pomwepo, mwana wawo wobereka okha, wotumika chaka chonse, koma sanandiyang'ane n'komwe.

Anayang'ana thumba lopanda kanthu lija.

"Galu iwe," anatero. "Kawauze alendo..."

Anaima. Uku sikunali kukhala chete kwawo kwa masiku onse, kokhala ndi maso kutali. Maso anali pa thumba. Kenako anagwira mzati wa khonde, anadzikoka mpaka kuimirira ndi mawondo awo aja, n'kutembenuza nkhope yonse kuyang'ana amuna anga. Chikwatirane chathu ndinali ndisanaonepo zimenezo. Ndipo mawu anatuluka mothamanga, ngati akuthamangitsidwa.

"Aise, zopitazi tazisiyani, tazisiyani. Inu si mlendo. Kuno ndi kwanu kwanu, bambo."

Amuna anga anavula chipewa. Ananjuta pansi monga mkamwini amachitira, khasu lili pambali, koma nkhope sanabise. Anakoka mpweya m'mphuno.

"Ayi-tu," anatero.

Ndiye anakhala chete, maso ali kumapiri. Anthuni, ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi sopo. Madzi a mwana anali akuzizira, amayi ataimirira ndi mawondo opweteka aja, iwo ali phee kuyang'ana mapiri ngati awaona koyamba. Koma amayi sanatekeseke. Anadikira, chifukwa kayankhulidwe kameneko ankakadziwa kuposa ine, ndipo ankadziwa chomwe chimabwera pambuyo pake.

"Ayi," anatero amuna anga, "ndi momwemo."

Galu anabwera masana, miyendo ili matope okhaokha. Anazungulira thumba lake, anagona, n'kumatukula khutu limodzi kudikira. Pakhonde la amayi anthu awiri anali mkati mokangana za mbewu ya chimanga, wina pampando, wina pansi, ndipo palibe amene anamutuma.